Mukandijambulitse, Ababa

Ndiyambe ndadziulula ndekha, ena asanandiulule. Kwa zaka zambiri ine ndinkakhulupirira kuti ndakatulo anazitcha dzina limeneli chifukwa zimabweretsa tulo. Musaseke msanga, tayambani mwamvetsera kumene liwulo lathera. Sukulu ndinailekeza panjira ku Guilleme, chaka chimene masamu anayamba kukhala ndi nambala ina pamwamba ina pansi, ndiye nzeru zotsalazo ndinkangotola ndi makutu. Umboni ndinali nawonso. Matipate atabwera aliyense anamasuka pakamwa, wailesi n'kudzaza ndi alakatuli. Lamulungu masana mnyamata akangoyamba kukoka mawu ngati akukoka ng'ombe yokana goli, ine mutu unkagwera pachifuwa. Anzanga a pabawo ndinkawauza kuti boma latsopanoli lili ndi chifundo, mankhwala a tulo likugawa ulere kudzera pa wailesi.

Zojambulajambula nazo ndinkaziyesa ntchito ya anthu okhuta. Duwa ndinkalipatsa ulemu likakhala la dzungu, poti mawa lake libala. Luso langa linali lina, lonyoza. Munthu ndikamuyang'ana kamodzi, mawu achipongwe ankatuluka okha, n'kumukanirira ngati chisoso pa buluku. Kapitawo wina wa pa esiteti ya fodya, pamene ndinagwirako utenanti ndili ndi mphamvu, ndinangoti mutu wake uli ngati chitsa chimene thalakitala inachilephera. Anasamuka nawo mawuwo mpaka kwawo, ndipo ndikumva kuti ndi adzukulu ake omwe amawadziwa. Mphuno zopindika, miyendo ya matewe, makutu a ngati zivundikiro za mapoto, zonsezo ndinali nazo mawu ake okwanira. Sindinkadziwa kuti mbali inayo nkhokwe yanga inali yopanda kanthu.

Amene anandidziwitsa ndi mwana wanga wamkazi, wachisamba. Anakwatiwa ndi mnyamata wa geni kumalire, wopikula zitenje ndi sopo ku Chipata n'kumagulitsa mbali ya kuno. Mnyamatayo anadwala nthawi yaitali n'kutisiya. Maliro atangotha, abale ake anasesa m'nyumba: mipando, wailesi, mbale, ngakhale sutikesi m'mene munali zithunzi za ukwati. Mwana wanga anabwerera kumudzi kwathu, kufupi ndi Chiosya, ali ndi kamwana kakakazi kumbuyo ndi chifuwa chosamva mankhwala. Tinamumangira kanyumba pambali pa khitchini. Matendawo sitinkawatchula. Ena ankati kaliwondewonde, ena matenda a masiku ano. Ife pakhomo tinkangoti akutsokomola. Mankhwala otalikitsa moyo mukuwaona lerowa anali asanafike kumidzi, ndipo zaka zimenezo makasu okumbira manda sankachita dzimbiri.

Wazaumoyo wina woyenda pa njinga anadutsa pakhomo pathu, namva kutsokomolako ali pamsewu. Anandikokera pambali n'kundiuza kuti chifuwa chimenecho n'chofunika kukachijambula kuboma. Ndinauza mwana wanga, koma anakana. Anati mwamuna wake anamujambula kangapo konse, nanga ali kuti.

Ndiye m'mawa wina, titakolola kale, ndili pansi pa mango kusema mpini, iye anatuluka n'kukhala pakhonde, kamwana kali pamiyendo.

"Ababa."

"Ee, mayi."

"Ndikufuna mukandijambulitse kuboma."

Ndinaika mpini pansi. Ndinati wavomera tsopano, mwina adokotala apeza pogwira.

Liwu limeneli, kujambula, amene analipanga anali waulesi. Wa kamera akujambula. Wa penti ndi bulashi akujambula. Mwana wolemba galimoto pamchenga ndi chala akujambula. Nawo a chipatala, ndi makina awo oona m'kati mwa chifuwa, akujambula. Liwu limodzi kusenza mitolo yonseyi ngati bulu wa mwini wankhanza. Ine ndinatsitsa mtolo umene ndinkaufuna, osafunsa kuti mwana akuloza uti.

Ndinagulitsa mbuzi. Tsiku la ulendo anatuluka atavala chitenje chimene chinali chisanalowepo m'madzi, duku lomanga mwaluso, ndolo, ndi mkanda wa m'khosi wobwereka kwa mnzake wa m'kwaya. Kamwanako anakaveka diresi ya maluwa ndi masokosi oyera. Fungo la mafuta odzola linandipeza ndili kukhola.

"Kodi adokotala akewo ndi osakwatira?" ndinafunsa.

Anaseka pang'ono, kusekako n'kusanduka chifuwa. Akazi anga, amene anamuthandiza kuvala, anangondiyang'ana mwa masiku onse, muja amandiyang'anira ndikayankhula zopanda mchere. Iwo ankadziwa chimene mwana akufuna, ndipo ankayesa kuti inenso ndikudziwa. M'banja mwathu zinthu zambiri zayenda choncho.

Tinakwera matola. Njira yonse iye anaphimba dukulo ndi nsalu ina kuti fumbi lisalidetse. Titatsika paboma ine ndinatsogola, kamwana kali m'manja mwanga, molunjika kuchipatala. Pageti ndinamva kuti mapazi ake aima.

"Ababa, kuno?"

"Nanga kuti? Tiye, mayi, mzere ukutalika."

Ananditsatira. Analeredwa ndi amake, sakanatsutsa bambo ake pamsewu anthu akuona. Tinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, pakati pa anthu otsokomola ngati iye, ndipo mafuta aja anatha ndi thukuta. Atamuitana ine ndinatsala panja ndi mwana. Anatuluka mkanda uja uli m'manja, poti anamuuza kuti auvule makina asauone, duku litakhota, atakumbatira chienvulopu chachikulu. Adokotala anakweza chithunzicho pazenera, nalankhula zawo mwaulemu, natipatsa mankhwala.

Tinakakhala pakhonde la golosale ina, ndinamugulira sikono imene sanaidye. Pofuna kumusangalatsa ndinasolola chithunzi chija, chakuda bii ngati usiku wa mvula, n'kuchilozetsa kudzuwa.

"Taona, mayi, nthiti zako zonse zilipo. Palibe imene yabedwa."

Anapukuta kamwana kukamwa ndi nsonga ya chitenje chatsopano chija. Kenako anati, motsitsa mawu, "Ababa, ndiye mwanayu akadzafunsa kuti amayi anga anali otani, mudzamuonetsa nthiti?"

Ndakhalapo ndi manyazi m'moyo wanga, ena ondiyenera ena ongondigwera, koma a tsiku limenelo anali a mtundu wina. Ndolo, mkanda, masokosi oyera, zonse zinali zikundikuwira chichokereni kunyumba, ine ndili kalikiliki kufunafuna nthabwala.

Ndinadzuka n'kuti tiyeni pompano. Kuseri kwa msika kunali situdiyo, kachipinda kokhala ndi chinsalu kukhoma chojambulidwa nyumba zosanjikizana, ndege ndi mathithi, kuti wojambulitsa aoneke ngati anafikako kwinakwake. Pakhomo panali galasi lalitali loti anthu azipesera tsitsi. Kunyumba kagalasi kathu akazi anga anali atakabisa kalekale. Mwana wanga anaima pagalasi paja kuti akonze duku. Manja anafika kumutu, koma sanakonze kanthu. Anaima nthawi yaitali.

"Khalani apa, asisi, mumwetulire," anatero mwini situdiyo, akukoka mpando.

"Tiyeni kwathu, ababa."

"Tafika kale, mayi."

"Kamera sidziwa kunama. M'mawa muja ndinali ndi mtima, koma wathera pabenchi paja. Sindingamusiyire mwana nkhope iyi, angamadzaiope."

Tinabwerera. Akazi anga atamva sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangotenga mkanda uja kukabweza kwa mwini wake.

Kuyambira pamenepo mwana wanga analeka kutuluka pakhonde. Ine ndinkapita kubawo n'kumangodyedwa, anzanga mpaka kudandaula kuti kundigonjetsa sikukomanso. Kamwana kaja kanali katayamba kuyenda, kakuthamangitsa anapiye pabwalo, ndipo ndikakayang'ana ndinkawerengera mumtima: aka kadzakula, kadzafika pa msinkhu wofunsa, ndipo m'dziko lonse lapansi simudzapezeka kanthu kokaonetsa kupatula chienvulopu chija, chimene ndinachibisa kudenga. Munthu kufa ndi chinthu chimodzi, tonse tili pamzere. Koma kufa n'kufufutika ngati zolemba za pasileti, zimenezo zinandisowetsa mtendere.

Nzeru inandibwerera ndikumeta ndevu. Ndinakumbukira kuti kumalire kunali mkulu wina wa ku Zambia, wojambula zikwangwani. Mitu yonse ija ya pamakomo a ometa inali yake, nkhuku za pamalo odyera, ng'ombe zonenepa za pabutchala. Zaka zimenezo ntchito yake yaikulu inali ya ogulitsa mabokosi a maliro, ndipo ankawajambula mokongola moti unkasirira kulowamo. Ndinati munthu amene amatha kunenepetsa ng'ombe ya pabutchala angathe kubweza masaya a mwana wanga. Bulashi si kamera, imamva zonena za mwini ntchito.

Sindinauze akazi anga. Ndinkafuna kufafaniza manyazi anga ndekha, ndidzangotulukira ngati ngwazi. Ndinamanga tambala ndi kathumba ka mtedza panjinga, n'kunena kuti ndikupita kukaona mitengo ya feteleza.

Ndinamupeza pansi pa kashedi ka malata, pakati pa osintha ndalama ndi amayi ogulitsa nthochi. Anali wamfupi, wa zala zothimbirira ndi penti wa mitundu yonse, wolankhula Chinyanja cha m'matauni a kwawoko. Ndinamufotokozera.

"Mudala, mwabwela na foto?"

"Ndikanakhala nayo ndikanadzatani kuno?"

"Manje nizamujambula bwanji munthu wamene sininamuonepo?"

"Ndikuuzani ndi pakamwa. Pakamwa pangapa pamadziwika mpaka ku Dambe."

Anayang'ana tambala, nayang'ana ine, nakoka thabwa lopyapyala lopaka kale zoyera. Anatenga kakhala kolembera.

"Kambani."

"Ndi wokongola."

"Onse ni okongola akafuna kujambulidwa. Nkhope ni yotani, yaitali olo yozungulira?"

"Yapakatikati."

"Mphuno?"

"Mphuno ya munthu."

"Maso?"

"Awiri."

Anaika khala pansi. "Mudala, mwana ni wanu zoona?"

Osintha ndalama anaseka. Ine amene ndinkaseketsa anthu ndi nkhope za anzawo ndinakhala kukamwa yasa. Akanandifunsa za mphuno ya kapitawo uja ndikanamupatsa ndi tsitsi lake lomwe la m'kati. Koma mwana wanga wondibadwa ndekha, ndikamufunafuna m'mutu ndinkangopeza duku, phewa, ndi manja awiri opereka madzi.

Inu ana a lero, amene mumakumbatira abambo anu padepoti, simungamvetse. Kwathu mwana wamkazi akatha msinkhu, anamkungwi akamulanga, bambo ake amasanduka mlendo wolemekezeka. Ukakhala bambo, kuchipinda kwako salowako, iwenso kwake sulowako. Akamakupatsa madzi amagwada chapatali, nkhope atatembenuzira kumbali, ndipo iwe umayankha moni wake ukuyang'ana nkhuku. Umenewo ndiwo ulemu, ndipo ine ndinausunga bwino kuposa malamulo ena onse a Mulungu ndi a anthu. Pa ukwati wake ndinaona velo. Ulendo wa kuboma uja ndinaona ndolo. Ndinakhala pakashedi paja n'kuzindikira kuti padutsa zaka zambirimbiri ndisanamuyang'ane mwana wanga m'maso.

Wojambulayo sanandithamangitse. Anayatsa ndudu n'kunena kuti, "Tsekani maso. Musasakile nkhope. Sakilani tsiku."

Ndinatseka, mwina pofuna kubisa manyazi. Tsiku linabwera lokha. Linali dzinja, mvula itangokata, iye akuchokera kuthengo ndi lichero la bowa pamutu, akuthamanga kudzandionetsa, yunifolomu ya sukulu itanyowa. Anaima pamaso panga penipeni, osagwada, osatembenuka, poti anali asanaphunzitsidwe kundiopa. Ndinayamba kulankhula maso ali chitsekere, ndipo mawu ake sindikudziwa kumene ankachokera.

Ndinati mphumi yake ndi yotambalala ngati munda wongolimidwa kumene, usanadzalidwe kanthu. Khungu lake ndi tsamba la fodya wa bale louma bwino m'chigafa, lija ogula sakangana nalo, ndipo mvula ikamugwa madontho amaima pamasaya osafuna kutsika. Maso ake amayamba kuseka pakamwa pasanamve nkhani. Nsidze zake zimafuna kukumana koma zimachitirana manyazi. Dzino lina lakutsogolo linabenthuka pakona, anagwa nalo mumtengo wa masuku, ndiye akaseka amalibisa ndi lilime, osati ndi dzanja ngati atsikana ena. Khutu la kumanzere linapendekera kunja pang'ono ngati likumvetsera za kwa aneba. Pansi pa diso pali kachipsera kofanana ndi njere ya mapira, kamene kamakwera m'mwamba akakondwa. Ndinanena zambiri, zina zosajambulika n'komwe: mmene ankayendera ngati pansi pakutentha, mmene ankatchulira dzina la galu wathu ngati akuyamba nyimbo.

Nditatsegula maso ndinapeza pakashedi pali zii. Osintha ndalama anali ataleka kukupiza mipukutu yawo. Mayi wina wa nthochi ankapukuta m'maso ndi chitenje. Wojambula uja ndudu inali itazima m'kamwa, dzanja likuthamanga pathabwa.

"Kansi ndimwe mlakatuli, mudala."

"Mukandinyozanso ndinyamula tambala wanga."

Koma ndinayang'ana uku ndi uku, ndipo mwa anthu onse aja panalibe ndi mmodzi yemwe amene anagona.

Ndinakhala naye mpaka dzuwa kupendeka. Ndinali ndisanaonepo munthu akugwira ntchito yotere. Penti wake anali m'zitini zodula pakati, mitundu yochepa chabe, koma akadontheza wofiira mu wachikasu, n'kukhudzako wakuda ndi nsonga ya bulashi, tsamba la bale lija linkatuluka ndikuona. Nkhope inkabwera pang'onopang'ono ngati munthu wochokera kudambo m'mawa wa nkhungu: poyamba mthunzi, kenako mutu, kenako wakudziwa. Ankati akalemba n'kundifunsa, "Apa?" Ine n'kuti ayi, tsitsani pang'ono. Pa khutu tinakangana, iye akuti khutu lotere liwononga chithunzi, ine ndikuti mukaliwongola ameneyo ndi mwana wa wina. Maso anawasiya komalizira. Anatenga penti woyera pa kamtengo ka machesi n'kudontheza kadontho m'diso lililonse, ndipo thabwa linandiyang'ana. Ndinayang'ana kumbali, mwa chizolowezi.

Ndinamuuza kuti amuveke duku, poti ndi mayi wa mwana. Anamuveka la buluu. Tambala anatenga, mtedza anandibwezera kuti ndikapatse wodwala.

Pobwerera, thabwa nditalikulunga m'thumba kumbuyo kwa njinga, ndinaona zinthu zimene zinandikwiyitsa. Inali nyengo ija mitengo ya m'mapiri imaphuka masamba ofiira mvula isanabwere. Njira imeneyo ndinaidutsa kuyambira ndili mnyamata, ndipo mapiriwo ndinkawadziwa ngati malo a nkhuni ndi mbewa basi. Tsiku limenelo anali atayaka, kufiira kwa mitundumitundu, kwina ngati magazi kwina ngati uchi, dzuwa likulowa kumbuyo kwake ku Zambia. Maso anga anali ngati atsukidwa ndi sopo, ndipo sindinakondwere nazo. Ndinadutsa mudzi wina pali maliro, nthambi zili pamsewu, ndinatsika njinga monga mwa mwambo, ndipo pamwamba pa nyimbo za maliro mapiri aja ankangowala osachita manyazi. Kukongola kulibe ulemu. Sikudikira kuti anthu ayambe aika maliro. Ndinadzifunsa kuti zinthuzi zinali pomwepa zaka zonsezi, nanga ine ndinkayang'ana kuti. Ndipo ngati zanditsegukira lero, zanditsegukiranji mochedwa chonchi, pamene chimene ndikufuna kuona chikuzima m'kanyumba ka pambali pa khitchini?

Ndinafika kukuyamba kuda. Akazi anga anali pabwalo akupeta.

"Feteleza wake ndi wathabwa?"

"Tamasulani muone."

Anamasula, napita nalo pafupi ndi moto wa kukhitchini. Ndinadikira kuti anditame. Anayang'ana nthawi yaitali, napukuta fumbi pakona ndi chala. Kenako anayatsa koloboyi n'kulowa nalo m'kanyumba ka mwana. Ine ndinakoka chitsa n'kukhala panja, pafupi ndi chitseko, nkhope nditalozetsa kukhola la mbuzi.

Ndinamva chifuwa, kenako kuseka, kuseka kwenikweni kumene tinali tisanakumve chibwerereni kuboma. Ndinayamba kudzitukumula. Kusekako kunaleka.

"Ababa, muli pamenepo?"

"Ndilipo, mayi."

"Ameneyutu ndi ine ndili sitandade folo."

"Ndi iwe, nanga ndani?"

"Duku lokhali ndiye la munthu wamkulu. Kankhopeka n'ka mwana." Anapuma, mpweya ukulira m'chifuwa. "Mwanangayu akadzaona adzati ndi mkulu wake amene anamwalira ali wamng'ono. Sadzati ndi amake."

Ndinali nditapalasa njinga mtunda wonse uja kukatenga mayi, n'kubwera ndi kamtsikana ka bowa. Wojambulayo sanalakwe, anajambula chimene ndinamupatsa, ndipo chimene ndinali nacho chinathera pamenepo.

"Bweretsani kuno ndisonkhezere moto," ndinatero.

"Ayi, musiyeni. Ndamukonda. Koma wojambulayo anadziwa bwanji za khutu langali?"

"Ndinamuuza."

"Munamuuza kuti chiyani?"

"Zamkutu, mayi. Za anthu a kumalire."

"Ndiuzeni zamkutuzo."

Kunena pakati pa alendo kunali kosavuta. Pakhomo panga, akazi anga akumva, lilime linalemera ngati mtanda wa dothi. Komabe ndinayamba, ndikuyang'ana mbuzi. Ndinanena za mphumi, za tsamba la m'chigafa, za nsidze zamanyazi, za dzino la mumtengo wa masuku. M'kanyumbamo munali chete, ngakhale chifuwa chinadikira. Kamwana kokha ndi kamene kankamenya thabwa ndi kadzanja, amake n'kumakaletsa monong'ona.

Nditamaliza anati, "Nenaninso paja pa maso."

Ndinanenanso.

"Palibe anandiuzapo zimenezi," anatero. "Ngakhale malemu aja ankangoti ndiwe wokongola, basi." Patapita kanthawi anafunsa, "Ndiye zinathera pomwepo, ababa? Chichokereni tsiku la bowalo simunandionenso?"

"Mwambo, mayi."

"Ee. Mwambo."

Sananene mokwiya. Ananena ngati munthu wovomera mtengo wa chinthu pamsika, podziwa kuti sautsitsa. Chifuwa chinamugwiranso, chachitali, ndipo ndinamva amake akumudzutsa kuti akhale tsonga. Ine ndinakhalabe pachitsa paja ndi ulemu wanga wonse, manja ali pamaondo, osathandiza kanthu.

Chakudya sindinachikhudze. Akazi anga anakhalitsa kwa mwana, ndipo atabwera m'nyumba mwathu anandipeza nditakhala pamphasa, nsapato ndisanavule. Ndinakonzeka kumva za tambala, za bodza la feteleza, za nzeru zanga zoyenda zokha. Anakhoma chitseko, nakhala pansi moyang'anizana nane, nandiyang'ana mpaka ndinasowa kothawitsira maso.

"Ine ndimamusambitsa tsiku ndi tsiku," anatero, "koma mawu ndilibe. Inu mawu muli nawo, maso ndiye munabisa. Thabwalo tisunga, koma kamwanaka kakadzakula sikadzafunsa thabwa, kadzafunsa inu, ndipo kadzafuna amake. Mawa kukacha mukalowe, mukakhale pamphasa pake, mukamuyang'ane mpaka mumuloweze. Musakaope mafupawo, m'masomo akadalimo. A mwambo akabwera kudzafunsa, muwatumize kwa ine."